Ndithandizeni kumvetsa za minofu ya miyendo popalasa njinga pachitunda

Ndikupempha nzeru kwa inu amene munaphunzira za thupi la munthu, komanso kwa akabaza odziwa misewu ya kuno ku Dedza, makamaka chitunda cha Khwekhwerere chochokera ku Golomoti kukafika ku Masasa.

Chimene ndikudziwa n'chakuti pokankha pedulo, minofu ya kutsogolo kwa ntchafu ndiyo imawongola bondo, ya m'matako imawongola mwendo m'chiuno, ndipo akatumba amalimbitsa phazi kuti mphamvuyo ifike papedulo. Koma ndikakwera chitunda ndi thumba la mbatatesi pakaliyala, ntchafu zimayaka moto ndipo bondo limapweteka kutsogolo kwake, pamene m'matako simumva kutopa kwenikweni. Kodi zimenezi zikutanthauza kuti chishalo changa n'chotsika kwambiri, kotero kuti bondo likugwira ntchito lili lopindika, n'kumasenza katundu amene minofu ina ikanathandiza kusenza?

Funso lina ndi la kuimirira. Anzanga ambiri amadzuka pachishalo n'kumaponda ndi thupi lonse, njinga ikupendamira uku ndi uku, ndipo zimaoneka kuti zimathandiza, ngakhale kuti mpweya umawathera msanga. Kodi pachitunda chachitali chabwino n'chiti, kukhala pansi kapena kuimirira, poti njinga zathu zambiri zilibe magiya?

Nkhaniyi ndaitenga mozama chifukwa miyendo imeneyi ndiyo imadyetsa banja langa, choncho amene mukudziwa kusiyanitsa ululu wa kutopa chabe ndi ululu wofunika kupita nawo kuchipatala, chonde ndifotokozereni.