Matailosi akutukuka m'nyumba yatsopano ku Chalala, ndani angatiyezere?

Abale, ndigawireni nzeru. Tinamaliza kumanga nyumba ku Chalala, mu Lusaka, chaka chatha n'kuika matailosi pabalaza ndi m'khonde. Mwezi uno wa Okutobala, kutatentha kwambiri, usiku wina tinamva phokoso ngati mbale yasweka. Kutacha tinapeza matailosi 6 pakati pa balaza atatukuka, awiri atang'aluka. Ndikagogoda ena ndi ndalama yachitsulo akulira ngati ng'oma, pansi pali mphako.

Amene anaika matailosi akuti vuto ndi chinyezi chochokera mu silabu, ati mwina womanga nyumba sanayale pulasitiki asanathire konkire. Womanga akukana, akuti mnzakeyo anapaka guluu m'madontho chabe ndipo sanasiye mpata m'mbali mwa khoma. Aliyense akuloza mnzake chala, pomwe ndalama tinazisonkha movutikira.

Ndikufuna katswiri wosakondera, wokhala ndi satifiketi, adzayeze chinyezi, azule tailosi imodzi aone pansi pake, kenako atilembere lipoti loti tingapite nalo ku Small Claims Court, khoti la milandu ing'onoing'ono ya ndalama. Kodi anthu otere amapezeka kudzera ku National Council for Construction kapena ku Engineering Institution of Zambia? Inu amene munamuitanapo, anakulipiritsani zingati? Tikufuna kudziwa mvula isanayambe ngati tizule onse kapena tikonze owonongeka okhawo.