Zotsatira: maphunziro a utsogoleri aja ndinawapeza

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa za maphunziro a utsogoleri oyenera ife ophunzitsa anthu za ufulu wawo m'midzi. Ndinatsatira malangizo oti ndifunsire Mandela Washington Fellowship (pulogalamu ya boma la America yophunzitsa atsogoleri achinyamata a mu Africa), gawo la Civic Engagement (la otumikira anthu m'madera awo), ndipo anandisankha. Anali maphunziro a masabata 6 pa yunivesite ya ku America, ulendo ndi malo ogona ankalipira eni pulogalamuyi.

Uphungu umene unandithandiza kwambiri ndi wa amayi aja amene anati ndifotokoze ntchito imodzi yooneka ndi maso. Ndinalemba mmene tinkakhalira pansi pa mtengo ndi makomiti a chitukuko a m'midzi (VDC), kuwerenga limodzi bajeti ya khonsolo mzere ndi mzere. Pa intavyu anafunsitsa zimenezi, osati za satifiketi.

Nthawi imene ndinkafunsira, ankafuna a zaka 25 mpaka 35. Fomu inali yaulere, koma pankafunika kuyamba msanga chifukwa mafunso ake ankafuna mayankho oganizira bwino.