Ndinamuona akusuntha mpira pa green, ndiulule kapena ndikhale chete?

Membala wobisa dzina

A admin, chonde dzina langa lisaoneke, nkhaniyi ikukhudza mwana. Moni nonse okonda gofu muno.

Ndili ndi mwana wa achimwene anga, mtsikana wa zaka 19. Amasewera bwino zedi ndipo mtima wake wonse uli pa zodzakhala professional. Pa mpikisano umene wangothawu ndine ndinamunyamulira chikwama, ndipo zimene ndinaona zandisowetsa tulo.

Akafika pa green (malo a udzu wosalala ozungulira dzenje) amaika kandalama kumbuyo kwa mpira kosonyeza pamene unali asanautole, monga timachitira tonse. Koma poika amakakankhira mkati, kulowa pansi pa mpira penipeni. Akapukuta mpira n'kumaubwezera, amausiya patsogolo, pakati pa mpira ndi kandalama n'kutsala mpata woti chala n'kulowa. Pa dzenje la 6 ndinati mwina ndi maso anga. Pa 14 ndinaima pafupi dala, ndipo zinachitikanso chimodzimodzi. Amene ankamulembera khadi sanaone kanthu, anali kalikiliki kuyeza mzere wake. Khadi linasainidwa, mpikisano unatha, mwana anatenga nambala 3.

Chimene chikundiopsa n'choti ndimatsatira LPGA (mipikisano ikuluikulu ya gofu wa amayi ya ku America) ndipo ndikudziwa kumene khalidweli limakathera. Mu 2017, pa ANA Inspiration ku California, Lexi Thompson anabwezera mpira pambali pang'ono pa dzenje la 17 Loweruka, pa putt (kumenya kogubuduza mpira kuti ulowe m'dzenje) yaifupi yoti sakanaiphonya. Munthu wina woonera pa TV anatumiza imelo. Lamlungu, akutsogola, atangomaliza dzenje la 12, anamuuza kuti amuwonjezera mashoti 4: awiri a malo olakwika, awiri osainira khadi lolakwika. Anasewera kotsalako misozi ili m'maso, n'kukagonja kwa So Yeon Ryu mu playoff (maenje owonjezera atafanana mashoti). Mpaka lero alipo amene amamunena kuti ndi wakuba, chonsecho anamuona kamodzi kokha. Wangayu ndamuona kawiri tsiku limodzi.

Ndiye ndithandizeni. Ndiyambe ndi mwanayo, bambo ake, kapena komiti ya mpikisano? Nanga poti mphoto zinaperekedwa kale, malamulo amati chiyani?

Referee wa Gofu

Mayi, ndiyankhe za malamulo kaye. Kusewera mpira pamalo amene sunali ndi Lamulo 14.7, chilango chake mashoti awiri pa dzenje lililonse, ndiye apa ndi anayi. Mashoti awiri owonjezera amene Lexi anapatsidwa chifukwa cha khadi aja anachotsedwa kuyambira Januwale 2018, nthawi yomweyo imene anasiya kumvera anthu oimba foni kapena kutumiza mauthenga ali pa mpando kunyumba.

Poti mpikisano unatsekedwa, zonse zagona pa funso limodzi: kodi mwanayo ankadziwa? Ngati sankadziwa kuti walakwira lamulo, zotsatira zimakhala momwemo, palibe angazisinthe. Ngati ankadziwa n'kusaina khadi chikhalirecho, Lamulo 20.2e limalola komiti kumuchotsa ngakhale patapita nthawi yaitali bwanji. Yankho la funso limenelo inu mulibe, komiti ilibe, ali nalo ndi iyeyo. Yambani ndi iye.

Bambo wa Handicap 18

Aaa, mayi, musamuphere mwana tsogolo chifukwa cha mpata wa chala. Zamakamerazi n'zimene zinaononga gofu wa amayi. Mu 2016 pa US Women's Open, ndodo ya Anna Nordqvist inangokhudza timchenga mu bunker (malo a mchenga), toti ngakhale mwini wake sanatione, ndi kamera yokha imene inaona atachita kukulitsa chithunzi. Mashoti awiri, chikho n'kupita kwa Brittany Lang. Akuluakulu a malamulo okha anachita nazo manyazi, n'chifukwa chake mu 2017 anati chimene diso la munthu silingaone sichilangidwa. Mulangizeni mwakachetechete, za komiti muzisiye.

Mayi Coach

Bambo, mwasakaniza nkhani ziwiri. Za Nordqvist diso silikanaona. Apa azakhali aona ndi maso awo ataima chapatali, kawiri, ndiye lamulo la diso la munthulo likuwaikira kumbuyo iwowa.

Komanso tisamanamizane kuti chala n'chaching'ono. Ndaphunzitsa atsikana ambiri, ndipo amene amachita zimenezi sakhala akufuna mtunda wa chalawo, putt yake ndi yomweyo. Chimakhala chizolowezi cha mantha. Chimayamba ali aang'ono, pamene kholo laima kumbali nkhope ili gwa kudikira score, kenako dzanja limazolowera kuba tizinthu ting'onoting'ono kuti mtima ukhale pansi. Ena sadziwa n'komwe kuti amatero. Ena amadziwa bwinobwino, ndipo mumawazindikira chifukwa amayamba ayang'ana uku ndi uku asanawerame. Azakhali, kumbukirani bwino, maso ake anali kuti pamene ankabwezera mpira?

Nkhani yoti mumufotokozere si ya Lexi ayi, ndi ya Yoon Ina wa ku South Korea. Mu June 2022, pa Korea Women's Open, anasewera mpira wa munthu wina umene anaupeza m'maudzu. Anazindikira, koma anapitiriza osanena. Akanaulula asanayambe dzenje lotsatira bwenzi ali mashoti awiri basi. Anadzaulula patatha pafupifupi mwezi, n'kuletsedwa kusewera zaka zitatu, ngakhale anadzamuchepetsera kufika pa chaka ndi theka. Anali ndi zaka 19, ngati mwana wanuyu. Anabwerera mu 2024 n'kuchita bwino kwambiri, mu 2025 anayamba kusewera pa LPGA, koma nkhani iliyonse yolemba za iye imatchulabe mpira uja.

Ndipo musaganize kuti anzake sakuona. Atsikana pa mipikisano amaonana kwambiri kuposa mmene ife akulu timaganizira, amangosankha kukanenera kuchipinda chosinthira zovala m'malo mouza referee. Dzina likaipa kumeneko, palibe komiti ingalitsuke.

Wokonda Solheim Cup

Ine ndingowonjezera kuti kanenedwe kake n'kofunika. Mu 2015 ku Germany, pa Solheim Cup (mpikisano wa matimu a amayi a Europe ndi America), Alison Lee wa America anatola mpira wake poganiza kuti a Europe amupatsa putt yaifupi yotsalayo osaimenya, ndipo Suzann Pettersen wa Europe sananame pamene ananena kuti sanamupatse, lamulo linali mbali yake. Koma Lee analira, Charley Hull mnzake wa Pettersen yemwe analira, mawa lake Pettersen anapepesa, ndipo America inachokera kumbuyo pa 10-6 n'kupambana. Musakayambe ndi mawu oti "unaba". Nenani zimene munaona zokhazo.

Membala wobisa dzina

Zikomo nonse. Mayi Coach, funso lanu landibaya. Pa 6 sindikukumbuka, koma pa 14 anayang'ana kwa mnzake womulembera khadi uja kaye. Mwina ankangoona ngati ili nthawi yake yomenya, sindifuna kumuweruza ndi zimenezo.

Bambo ake ndiwasiya kaye. Achimwenewo ndi amene amaima kumbali nkhope ili gwa aja, akamva lero mawa ndodo zili pamalonda. Loweruka ndipita naye pa green yoyeserera, ndimuuze aike kandalama n'kubwezera mpira ine ndikujambula pa foni, kenako tionere limodzi. A Referee, akavomera kuti ankadziwa, akalankhule ndi komiti ndi ndani, ineyo kapena iyeyo?

Referee wa Gofu

Iyeyo, ndipo polemba kalata, osati pakamwa. Atchule tsiku ndi maenje onse awiri, anene kuti ndi wokonzeka kubweza mphoto. Inu mumuperekeze koma musamuyankhulire. Akakana zonse pamene inu mukutsimikiza zimene munaona, mumuuze maso ndi maso kuti simudzamunyamuliranso chikwama mpaka zitasintha, ndipo kuti mukadzaonanso mudzaitana referee pa green pomwepo khadi lisanasainidwe.