Azakhali anga amati vuto siligona m'khola: kodi ndi pa chilichonse?

Mnyamata wa ku Mponela:

Moni nonse. Ndaphunzira kuweta nkhuku kwa azakhali anga, mayi amene aphunzitsa ana awo onse ndi ndalama za mazira komanso amanga nyumba yamalata. Amaweta nkhuku zachikuda ndi za mikolongwe. Lamulo lawo ndi limodzi: chimene waona lero, uthane nacho lero lomwe.

Kukacha, asanamwe ndi tiyi yemwe, amalowa m'khola. Amayang'ana zitosi pansi, kenako amaima chete kumvetsera ngati pali nkhuku yopuma mwaphokoso. Akaona imodzi yagwetsa mapiko ndi kuwodzera, safunsa munthu. Amaitola, n'kukaivundikira m'dengu kuseri kwa khitchini, n'kusamba m'manja ndi sopo asanakhudze zinzake. Akaona kabowo pa waya, ngakhale atavala zopita kutchalitchi, amayamba atseka kaye. Wogolosale akalonjeza kulipira mazira Lachisanu n'kusalipira, Lachisanu lomwelo madzulo foni yake imalira.

Tsopano ndayamba khola langa. Za nkhukuzo ndikuzitsatira. Chikundivuta ndi anthu. Pali amene atenga mazira pangongole, ena ndi akuluakulu kwa ine, ndipo mnyamata wondithandiza nthawi zina amaiwala kusintha madzi. Ndikawayankhula tsiku lomwelo sindioneka wamwano? Inu mumatani?

Wotemera nkhuku, Dowa:

Achimwene, azakhali anuwo muwagwiritsitse. Ine ndimayenda m'midzi kutemera nkhuku, ndipo chimene chimandipweteka mtima ndi kuitanidwa khola litatha kale theka. Chitopa chilibe mankhwala. Mukaona zitosi zobiriwira, khosi lopotoka, nkhuku ikuyenda mozungulira ngati yaledzera, dziwani kuti kachilombo kalowa kale, ndipo masiku ochepa okha khola likhoza kutsala nthenga.

Koma ndionjezere apa: pa chitopa, "lero" lenileni ndi nthawi imene nkhuku zili bwinobwino. Katemera wa I-2, amene amapangidwa ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe, ndi dontho limodzi lokha m'diso la nkhuku iliyonse, miyezi 4 iliyonse. Amapirirako kutentha kusiyana ndi akatemera ena, n'chifukwa chake timatha kufika naye kumudzi, komabe musamusiye padzuwa. Sachiza nkhuku yodwala kale, amangoteteza yathanzi. Anthu ambiri amandifuna mu Seputembala ndi Okutobala matenda atavuta, pamene ndinawadutsa pakhomo mu Julayi iwo n'kunena kuti ndibwere mwezi wamawa.

Ndipo chonde, yodwala musathamangire nayo kumsika kuti mupulumutse kandalama. Ndi mmene matendawa amadumphira kuchoka mudzi uno kupita wina. Yakufa ikwirireni mozama kapena kuitentha. Yogula kumene kapena yopatsidwa ku ukwati, ikhale payokha masabata awiri isanasakanikirane ndi zanu.

Mayi wa ku Zomba:

Mwanangu, ine ndine telala, nkhuku sindizidziwa, koma anthu angongole ndakalamba nawo. Munthu si waya wobooka. Tsiku limene wakukwiyitsa, pakamwa pako pamatuluka mawu amene sungawabweze. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Taonetsetsa bwino zimene azakhali ako amachita pa foni ija. Ndikhulupirira kuti sakalipa ayi. Amangoti, "Bambo, ndimati ndikukumbutseni, lero ndi Lachisanu lija." Basi. Chimene sachedwetsa ndi kukumbutsa, osati kukangana. Ine ndili ndi kope langa pafupi ndi makina. Munthu akatenga diresi osamaliza kulipira, ndimalemba iye akuona, dzina, ndalama yotsala ndi tsiku limene wanena yekha. Tsikulo likafika ndimatumiza uthenga mwaulemu. Ukakhala chete mwezi wathunthu chifukwa cha manyazi, iye amayesa kuti waiwala kapena sukuzifuna, ndiye ukadzafunsa mochedwa ndi pamene amakwiya, ngati wamunamizira.

Za mnyamata wamadziyo, muuze tsiku lomwelo, inde, koma mutengere pambali, osati pamaso pa makasitomala. Ndipo yamba wamufunsa chifukwa chake. Mwina kumjigo kumakhala mzere wautali m'mawa, ndiye vuto ndi mgolo wosungira madzi, osati iyeyo.

Mlimi wa ku Salima:

Kumunda n'chimodzimodzi. Mbozi zija za fall armyworm zitavuta, mpaka boma kulengeza mu Disembala 2017 kuti maboma 20 ali pa ngozi, amene tinkayendera chimanga pafupipafupi ndife tinakololako. Mbozi ikadali yaing'ono imangokanda tsamba, pamaoneka timawindo toyera. Pamenepo ukhoza kuiphwanya ndi zala kapena kuthira dothi ndi phulusa pansonga pa chimanga, potulukira masamba atsopano. Ikakula n'kubisala mkati, ngakhale mankhwala ogula amatha kuiphonya.

Mnyamata wa ku Mponela:

Zikomo kwambiri nonse. Amayi a ku Zomba, mwalasa. Ndakhala ndikumva azakhali akuimba mafoni amenewa, ndipo amayamba ndi kufunsa za ana ndi odwala kunyumba, ngongoleyo imabwera kumapeto. Kope ndigula lero, ndipo za mgolo ndimufunsa mnyamatayu madzulo ano.

Achimwene a ku Dowa, ndili ndi thadzi limene laswa anapiye sabata yatha, lina likufungatira. Amenewanso alandire katemera, kapena ndidikire akule?

Wotemera nkhuku, Dowa:

Musadikire. I-2 amaperekedwa kwa nkhuku za msinkhu uliwonse, ngakhale anapiye ongoswedwa kumene, ndipo dontho ndi limodzi lomwelo. Lofungatiralo ligwireni modekha madzulo, mulidontheze n'kulibwezera pamazira. Pitani ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu mukafunse alangizi a ziweto tsiku limene wotemera afike kwanuko, ndipo muuzenso oyandikana nawo nyumba, chifukwa nkhuku zawo zimadyera limodzi ndi zanu.