Mabatire a makamera a m'tchire akutha msanga ku Nyika

Wa ku Chelinda: Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Makamera omwe tinatchera mu June kuti tione njira za anyalugwe azima pasanathe milungu itatu. Iliyonse imalowa mabatire a AA asanu ndi atatu, ndipo ndinaikamo a alkaline atsopano. Asanazime, zithunzi za masana zinkatuluka bwino, koma za usiku mdima wokhawokha.

Wa ku Scotland: Achimwene, chimenecho n'chisanu. Kuno timatchera makamera otere pofuna kudziwa komwe kukuyenda agwape aja amati red deer, makamaka nyengo yosaka aakazi, kuyambira pa 21 October mpaka 15 February, nthawi yachisanu kuno. Alkaline akazizidwa amafooka, ndiye nyali ya infrared, yomwe kamera imajambulira mumdima, ikayaka usiku imakoka moto wambiri nthawi imodzi, iwo osakwanitsa. Ikani a lithium, monga Energizer Ultimate Lithium, amapirira mpaka -40°C. Kungoti chizindikiro cha mabatire pa kamera musachikhulupirire, chimaonetsa ngati ndi odzaza mpaka tsiku lomwe athere.

Wa ku Chelinda: Mtengo wake ndi umene ukundiopsa. Nanga otchaja aja?

Wamagetsi: Amatheka, bambo, koma werengani kaye. Batire lotchaja la mtundu wa NiMH limapereka 1.2V, osati 1.5V, ndiye asanu ndi atatu akukupatsani 9.6V m'malo mwa 12V. Makamera ena amangozima poganiza kuti moto watha. Onani mu menu ngati muli posankha mtundu wa batire. Mukagula, gulani osataya moto akakhala, monga Eneloop, magulu awiri pa kamera, muwalembe manambala ndi maka. Akale ndi atsopano musasakanize, limodzi lofooka limagwetsa onse. A lithium muziwayeza ndi mita yoyezera magetsi: latsopano limawerenga pafupifupi 1.8V, likatsika pansi pa 1.6V musakwere nalonso phiri.

Mayi wa kafukufuku: Musanawononge ndalama, mwaona zomwe zili pa khadi losunga zithunzi? Mphepo ya ku Nyika ndimaidziwa. Udzu ukamagwedezeka padzuwa, kamera imajambula tsiku lonse.

Wa ku Chelinda: Mayi, mwalasa. Ndangotsegula makhadi awiri, ndi udzu wokhawokha, mbidzi apo ndi apo. Kamera ina inalinso pa vidiyo. Mawa ndikukamweta kutsogolo kwake, nditsitse sensitivity kuti isamajambule kalikonse kongogwedezeka, ndiike kuti izidikira mphindi imodzi isanajambulenso. A lithium ndiyamba ndi makamera akutali aja, apafupi ndiyesa otchaja.

Wamagetsi: Ndipo alkaline otha aja muwachotse msanga asanachuche, amadya zitsulo za m'kati.