Tadala wabwerako ku Kigali: ndalama za mlatho zija tiyeretsere Nasolo?

Tadala: Makolo anga nonse, ndafika bwino kuchokera ku Kigali, likulu la dziko la Rwanda. Kanali koyamba kutuluka m'dziko, ndiye mundikhululukire ndikachulutsa mawu. Chandigwira mtima kwambiri ndi ngalande zawo. Mzindawo uli pamapiri ngati Blantyre yemweyu, mvula imagwanso ndithu, koma madzi amangodutsa chifukwa m'ngalande mulibe jumbo. Majumbo analetsedwa mu 2008, ndipo ukafika nawo pabwalo la ndege amakulanda. Loweruka lomaliza la mwezi kumakhala Umuganda, ntchito yachitukuko yogwira anthu onse pamodzi: m'mawa wonse mashopu otseka, magalimoto osayenda, anthu ali kalikiliki ndi makasu ndi matsache. Ndikupempha kuti ndalama tinasonkha zija tiyambire ntchito yotereyi mumtsinje wa Nasolo kuno ku Ndirande mvula isanagwe.

Mayi Msungichuma: Takulandira mwanangu. Koma ndalamazo tinagwirizana kuti ndi za mlatho wodutsira ana asukulu. Popanda msonkhano sinditulutsa ngakhale tambala.

Agogo a ku Makata: Tadala, unafunsa bwinobwino kumeneko? Ntchitoyo ndi lamulo kwa aliyense wa zaka 18 mpaka 65, ndipo wojomba amalipa chindapusa. Ife tinagwira Youth Week, sabata ya achinyamata yogwira ntchito zachitukuko, nthawi ya Kamuzu, makolo athu anagwira thangata m'minda ya azungu ku Chiradzulu ndi ku Thyolo. Ukamati tsiku lakutilakuti aliyense atuluke ndi khasu, akuluakulufe timakumbuka zimenezo. Ndani adzaimitse minibasi ku Ndirande Loweruka m'mawa? Mayi wogulitsa mandasi adzadya chiyani tsikulo?

Achimwene a ku Joni: Komanso tsiku losesa tili nalo kale. Boma linalikhazikitsa mu 2020, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse. Majumbo opyapyala nawo analetsedwa mu 2015. Nanga pagulu pano anagwirako tsache ndani?

Tadala: Agogo, ndamva, ndipo zokakamiza anthu sindikuzifuna. Koma pali china chimene ndinaona komwe ndinkagona. Khomo lililonse limalipira kandalama pamwezi, galimoto n'kumabwera kudzatenga zinyalala pakhomo pomwepo. Ife tikasesa timaunjika m'mbali mwa msewu, mvula ikagwa zonse zibwerera mumtsinje. Ndiye ndalamayo isapite ku matsache. Tichite hayala lole yokataya kudzala la zinyalala la ku Mzedi, ndipo anyamata ovuula zinyalala tiziwalipira ngati ganyu, ndi magolovesi ndi magambutsi awo.

Anaphiri: Ine ndili mbali ya mwanayu. Mchemwali wanga amakhala ku Chilobwe, ndipo zimene tinaona pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 sindifuna kuzionanso. Inde kumeneko anali matope ochokera m'phiri la Soche, koma kuno kwathu madzi analowa m'nyumba chifukwa makalavati anatsekeka ndi mabotolo ndi matewera. Mlatho timange pamwamba pa zinyalala, udzakhalitsa?

Mayi Msungichuma: Nanga ana azingovula nsapato powoloka mpaka liti? Lole ya mwezi umodzi yokha idya matumba angati a simenti?

Bambo Wapampando: Tisakangane pafoni. Tadala, ufufuze mtengo wa lole ulendo umodzi, ukafunsenso ku khonsolo ngati angatiikire chotayamo zinyalala pafupi ndi msika. Amayi Msungichuma, mubwere ndi buku la ndalama. Ine ndikadziwitsa amfumu. Tikumane Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, malo akale omwe aja.

Agogo a ku Makata: Ndibwera, koma mavenda muwaitanenso. Zinyalala zambiri zimachokera kumsikako.