Mayina a midzi ya ku England

Mlendo: Akuluakulu, ndithandizeni. N'chifukwa chiyani mudzi wa ku Devon wolembedwa kuti Woolfardisworthy eni ake amautchula kuti Woolsery?

Wachikulire: Kalembedwe kanaima pamodzi kalekale, koma pakamwa pa anthu dzinalo linapitiriza kufupika, moti lero zikwangwani zina za m'mbali mwa msewu zimaonetsa mayina onse awiri. Nayonso Brighton, yomwe kale inali mudzi wa asodzi, inalembedwa kuti Bristelmestune m'kaundula wa malo a ku England wotchedwa Domesday wa mu 1086, kenako Brighthelmstone, isanafupikitsidwe.

Mphunzitsi: Ndiwonjezereko pang'ono, bambo. Mayina othera ndi -by, monga Grimsby, anabwera ndi ma Viking, ankhondo apanyanja akale ochokera ku Denmark, n'chifukwa chake ndi ochuluka ku Lincolnshire ndi Yorkshire kumene iwo anakhazikika. Ku Devon kwanuko sapezeka wamba.